Momwe mungasamalire mwendo fupa likathyoka pafupi ndi kakolo

Pakati pa bondo ndi kakolo pali mafupa awiri, lalikulu lakutsogolo ndi laling'ono lakunja. Laling'onoli ndi limene limakonda kuthyoka phazi likapindika pogwa kapena pa mpira. Ngati silinasunthe, amakumangani chikhakha kwa masabata pafupifupi 6. Likasuntha pamafunika opaleshoni yoika kachitsulo ndi misomali.

Masabata awiri oyamba, limbanani ndi kutupa. Gonani chagada, mwendo pamapilo, phazi likhale pamwamba kuposa chifuwa, ndipo muzigwedeza zala pafupipafupi. Chikhakha chimatenga masiku awiri kuti chiumiretu, choncho musachitsamiritse pachinthu cholimba. Chisanyowe: posamba chikulungeni ndi pulasitiki. Mkati mukayabwa musalowetsemo kamtengo, chifukwa khungu likakalika mumabuka chilonda chimene simungachione.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ululu ukamakula ngakhale mwamwa mankhwala, zala zikachita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu. Apa mwina chikhakha chathina ndipo magazi sakuyenda bwino. Chitaninso chimodzimodzi m'chikhakha mukamanunkha. Thamangiraninso kuchipatala katumba wa mwendo akamapweteka, kapena mukayamba kubanika mwadzidzidzi, poti mwina magazi aundana mumtsempha.

Musaponde mpaka dokotala atalola. Ambiri amalakwitsa apa: ululu umachepa fupa lisanalimbe, munthu n'kuyamba kuyenda. Fupa likalumikizana mokhota, kakolo amadyeka ndipo amapweteka kwa zaka. Ndodo zoyendera zisagunde m'khwapa, pasiyike mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, thupi lilemere m'manja. Pokwera sitepe tsogozani mwendo wabwino, potsika tsogozani ndodo ndi mwendo wovulala. Kuchimbudzi chonjuta ikani mpando woboola pakati.

Idyani usipa kapena matemba ndi minga yomwe, mazira, nyemba, mkaka ndi masamba. Fodya amachedwetsa kulumikizana kwa fupa, musiyeni. Odwala shuga nawo amachedwa kuchira, ndipo nthawi zina amakhala m'chikhakha masabata ochulukirapo.

Chikhakha achotse ndi achipatala, osati inu ndi mpeni. Mwendo udzaoneka wowonda, kakolo wouma, ndipo apa mpamene mafizo amayambira. Khalani pansi, kwezani ndi kutsitsa phazi ka 10, kenako lizungulizeni mbali zonse ziwiri, katatu patsiku. Kolekani chitenje kuphazi, bondo lili lowongoka, n'kukokera kwa inu masekondi 30. Akakulolani kuponda mokwanira, gwirani khoma n'kumanyang'ama ndi zala, kenako yesani kuima ndi mwendo umodzi. Zimenezi musazinyozere, chifukwa ndi zomwe zimateteza phazi kuti lisapindikenso panjira ya miyala. Ululu wakuthwa ukabwera, lekani.

Kutupa kwa madzulo kumatha kupitirira miyezi ingapo, mwinanso chaka. Kuthamanga, mpira ndi kusenza katundu wolemera zidikire mpaka achipatala atatsimikiza kuti fupa lalimba, kawirikawiri pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo.