Momwe mungalimire ndere za m'nyanja kuti zikupatseni omega-3 weniweni

Ambiri amaganiza kuti omega-3 amapangidwa ndi nsomba, koma ayi, nsomba zimangotolera. Amene amapanga EPA ndi DHA wambiri, mitundu iwiri ya mafuta a omega-3, ndi tindere ting'onoting'ono ta m'nyanja yamchere, tizilombo timadya nderezo, nsomba n'kudya tizilomboto, basi mafuta aja n'kumadzadza m'thupi mwa nsomba. Ine ndakhala ndikulima mtundu wina wa nderezi wotchedwa Nannochloropsis, mwachidule Nanno, m'mabotolo kwa kanthawi ndithu, ndiye ndati ndilembe momwe ndimachitira, makamaka pamene ndinalakwitsa, chifukwa zinandiwawa.

Choyamba sankhani mtundu. Nannochloropsis imapanga EPA, ndi yolimba, siivuta, selo yake ndi yaing'ono kwambiri, mamaikuromita 2 mpaka 5 basi. Ngati mukufuna DHA pitani ku Isochrysis koma iyo imafuna chisamaliro. Apa chenjerani ndi ogulitsa. Ine ndinagulapo botolo la madzi obiriwira kwa munthu wina pa intaneti, atandilonjeza kuti ndi Nanno yeniyeni, nditaithira m'madzi amchere inangofota, kenako ndinazindikira kuti inali Chlorella ya m'madzi opanda mchere, imene ilibe EPA yoti n'kuitchula. Zobiriwira zonse si zofanana abale. Gulani mbewu kwa anthu amene amasunga mitundu ya ndere mwadongosolo, ndi yodulako inde, koma bola kulipira kamodzi.

Madzi: magalamu pafupifupi 30 a mchere wopangira madzi a m'nyanja pa lita imodzi, osati mchere wa pathebulo. Aphikeni kapena athireni kolorini, kenako muchotse kolorini uja ndi mankhwala otchedwa sodium thiosulfate. Chakudya cha nderezi ndi feteleza wapadera wotchedwa f/2, chakudya chochokera ku chimene asayansi Guillard ndi Ryther anakonza mu 1962, mpaka pano anthu akugwiritsabe ntchito chomwecho, mumangotsatira mlingo wolembedwa pa botolo. Ena amathira feteleza wa m'munda kuti asunge ndalama, nderezo zimamera ndithu koma mumangodabwa tsiku lina botolo lasanduka la mtundu wina. Thirani mbewu gawo limodzi pa magawo asanu a madzi atsopano, lumikizani kapampu ka mpweya kuti madzi azigwedezeka, nyali iziyaka maola 16 n'kuzima 8. Zotsuka mabotolo sindikambapo, mukudziwa kale.

Tsopano pano ndiye pamene pali nkhani. Ndinawerenga kuti ukamana ndere nayitirojeni zimanenepa, zimadzadza mafuta, ndipo ndi zoona. Ndiye ine ndi dyera langa ndinasiya kuthira f/2, ndinaonjezeranso nyali ina yamphamvu, ndinasiya botolo kwa masabata awiri. Mtundu unasintha kuchoka pa kubiriwira kupita ku chikasu chotuwa, pa maikulosikopu maselo akuoneka ndi timadontho ta mafuta, ine kumasangalala kuti ndaphula kanthu. Nditatumiza zoyeza ku labu ina, zotsatira zinabwera kuti mafuta achuluka inde koma gawo la EPA latsika kwambiri, ochuluka anali 16:0 ndi 16:1 (nambala yoyamba ndi makaboni a pa tcheni cha mafuta, yachiwiri ndi ma double bond, ndifotokoza m'munsimu). Ndinakhala pansi kaye.

Chifukwa chake ndi ichi. Selo imayambira mu chloroplast, kachigawo kake kobiriwira kogwira kuwala, imatenga kaboni wa mu mpweya n'kumalumikiza awiriawiri mpaka tcheni cha makaboni 16 kapena 18. Pamenepo mafutawo amakhala owongoka, olimba. Kuti afike pa EPA pamafunika ma enzyme, tizipangizo ta m'selo tosintha mafutawo, amitundu iwiri, ma desaturase amene amaika double bond, ndiye kuti malo amene makaboni awiri agwirana kawiri n'kupindika, ndi ma elongase amene amaonjezera makaboni awiri. 18:1 imasanduka 18:2, kenako 18:3, elongase n'kuitalikitsa kufika 20:3, ina n'kuikanso bondi kukhala 20:4, pomaliza 20:5, ameneyo ndiye EPA, makaboni 20 mabondi 5. DHA ndi 22:6, ulendo wake ndi wautaliko. Ndiye funso n'lakuti selo imavutikiranji chonchi? Si kuti ikufuna kusunga chakudya ayi. EPA wambiri mu Nanno amakhala mu timakungu ta mkati mwa chloroplast, momwe kuwala kumagwidwira, ntchito yake ndi kuti timakunguto tizikhala tofewa. Ukaimana nayitirojeni selo imasiya kugawikana, imachepetsa makina ogwirira kuwala aja, kaboni yense n'kumamuunjika mwachangu ngati mafuta osungira, ndipo mafuta osungirawo ambiri ndi aafupi owongoka aja. Ndiye ine ndinali ndikunenepetsa ndere ndi mafuta olakwika. Nyali yamphamvu ija inangoonjezera vuto, chifukwa kuwala kukachuluka selo siifuna timakungu tambiri.

Chimene chimathandiza ndi kuzizira. Mafuta owongoka amauma kukazizira, ndiye selo imakakamizika kuika mabondi ambiri kuti khungu lisalimbe. Panopa ndimalima pa madigiri 22 mpaka 25 kuti zikule msanga, zikadzadza bwino ndimasamutsira botolo pamalo a madigiri cha m'ma 15 kwa masiku awiri atatu, kuwala kwapakatikati, chakudya osachidula. Zimakula pang'onopang'ono pamenepo, osadandaula. Komanso muziyang'ana pH, muyeso wa asidi m'madzi, ikamadutsa 9 ndiye kuti kaboni wachepa m'madzimo, onjezerani mpweya, amene ali ndi CO2 ya mu silinda zawo zimayenda bwino koma ine ndinaona kuti n'zodula pa mabotolo ochepa ngati angawa.

Kololani zikadali zobiriwira kwambiri, zikugawikanabe, nthawi zambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 10. Osadikira chikasu. Siyani gawo lina la mbewu m'botolo loyera pambali, tsiku lina ma rotifer, tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi todya ndere, kapena tizilombo tina tidzalowa n'kudya zonse usiku umodzi, mudzandikumbuka.

Kusefa Nanno n'kovuta chifukwa imadutsa pa nsalu iliyonse, centrifuge, makina ozungulitsa madzi mwamphamvu kuti ndere zidikhe pansi, ndiye yankho, apo ayi ikani mufiriji idikhe yokha kwa masiku angapo n'kukhuthula madzi apamwamba. Phala lotsalalo liikeni mu fiza msanga, m'chidebe chotseka, kopanda kuwala, chifukwa mabondi omwe aja ndi amene amagwidwa ndi okosijeni, likayamba fungo loipa ndiye kuti EPA wapita. Zofinya mafuta ine sindipanga, khungu la selo yake ndi lolimba zedi, ndimangodyetsa ma rotifer phalalo momwe lilili basi.