Momwe mungapangire timadontho towala pogwiritsa ntchito E. coli

Anzanga omwe timachita nawo lendi ku Rosettenville ndikawauza kuti ku labu ndimaweta mabakiteriya oti azindipangira zinthu zowala, amaseka, ati ndayamba ufiti wa ku Joni. Si ufiti ayi. Timadonthoti, totchedwa quantum dots, ndi tinjere ta cadmium sulphide ta mananomita 2 mpaka 5 (nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), ndipo ukatiunika ndi kuwala kwa ultraviolet (UV) timawala. Mtundu wake umasintha kanjere kakamakula. Tinthu ta mtundu womwewu ndi tomwe tidapezetsa Moungi Bawendi, Louis Brus ndi Alexei Ekimov mphoto ya Nobel mu 2023. Kungoti njira ya Bawendi imafuna kutentha pafupifupi madigiri 300, pomwe bakiteriya amakhutira ndi 37.

Cadmium ndi poizoni. Imawononga impso, imayambitsanso khansa. Izi ndi za mu labu yokhala ndi fume hood (kabati yokoka mpweya woipa), magolovesi ndi botolo lotayiramo zinyalala zoopsa, osati za pa tebulo lodyera.

Yambani ndi bakiteriya wamba wa mu labu, E. coli K-12. Mfeseni madzulo mu LB, msuzi woweteramo mabakiteriya, agone pa shaker (makina okhutchumula) usiku wonse pa madigiri 37. Muone kaye ngati incubator yanu ili pa mzere wa jenereta, chifukwa kuno ku Johannesburg magetsi akathima usiku, mumapeza m'mawa msuzi wozizira womwe sunakule bwino.

Kutacha, zunguzani pa centrifuge kuti mabakiteriya adikhe pansi, tayani madzi a pamwamba, kenako tsukani ma cell a mabakiteriyawo ndi Tris buffer ya pH 7.5 (buffer ndi madzi oletsa kuti mlingo wa asidi usasinthe). Apa ndiye mumve bwino, chifukwa ine ndidatayapo masabata atatu.

Ulendo woyamba ndidachita ulesi. Ndidati kutsuka n'kutaya nthawi, ndiye ndidathira cadmium mu LB momwemo. Nditazimitsa magetsi n'kuunika, chubu chidawala mobiriwira bwinobwino. Ndidajambula, kutumiza pa WhatsApp kwa mayi ku Balaka, mpaka kuyamba kulemba zotsatira. Mayi wina yemwe wakhala nthawi yaitali mu labu yathu adangotenga botolo la LB yosathira kalikonse n'kuliunika. Lidawala chimodzimodzi. Manyazi ake! LB imawala payokha chifukwa cha yeast extract yomwe ili momwemo, komanso tizidutswa ta mapuloteni a mu msuziwo timagwira cadmium isanakumane ndi sulphide. Choncho tsukani kawiri, katatu ngati madzi akadali achikasu. Pochotsa madzi, pendeketsani chubu pang'onopang'ono kuti phala loyera la pansi lisathawe nawo. Musatsukire buffer ya phosphate, chifukwa cadmium ikakumana nayo imachita mbuu n'kudikha pansi. Ndipo nthawi zonse muzikhala ndi machubu awiri oyerekezera, china chopanda cadmium, china chopanda mabakiteriya. Zimenezo zikawala, dziwani kuti chomwe mukuonacho si timadontho.

Mukatsuka, sungunulani ma cell mu buffer mpaka OD600, muyeso wa kuchuluka kwa ma cell m'madzimo, ifike cha pa 0.5. Kenako thiranimo cadmium ndi cysteine, amino acid yokhala ndi sulphur. Ine ndimayambira pa 1 mM (millimolar) ya cadmium chloride ndi 8 mM ya L-cysteine, kenako n'kumasintha malinga ndi momwe zikuyendera. Bakiteriya ali ndi enzyme yotchedwa cysteine desulfhydrase yomwe imaphwanya cysteine n'kutulutsa hydrogen sulphide. Sulphide ija ikakumana ndi cadmium, kanjere kamayamba kumera, ndipo cysteine yotsala imakakuta kuti kasakule msanga. Kafungo ka mazira owola kakamveka, ntchito yayamba. Cysteine muzisungunula tsiku lomwelo, ya dzulo imakhala itasanduka cystine. Palinso anyamata ena amagulitsa mankhwala a mu labu pa intaneti motchipa, mu timabotolo topanda pepala losonyeza zomwe zili m'katimo. Asiyeni.

Nkhani yomweyo pa tochi ya UV. Imafunika yotulutsa kuwala kwa mananomita 365. Yanga yoyamba ndidagula R120 mu kashopu kena m'tauni, pabokosi atalemba 365, koma inali ya 395, imangopaka chilichonse utoto wapepo. Ndimaonera ndalama zachinyengo pano. Valani magalasi otchinga UV.

Bwezerani pa 37, muziunika pakatha mphindi 20 zilizonse. Kuwala kumayamba kobiriwira, kenako chikasu, kenako kumapita kofiirira tinjere tikamakula. Mukachedwa, mumapeza matope achikasu osawala n'komwe.

Mtundu womwe mukufuna ukafika, zunguzaninso, sefani madzi a pamwamba pa filter ya 0.22 µm, kulungani chubu ndi foil, ikani mu firiji pa madigiri 4. Yezani pa makina oyezera kuwala, UV-Vis ndi fluorimeter. TEM, maikulosikopu ya ma electron yoonera tinjereto, bukitsani msanga, mzere wake ndi wautali. Ma tip, magolovesi ndi machubu onse apite mu botolo lotayiramo zinyalala za cadmium, mu sinki ayi.