Kuteteza khanda ku herpes: zochita mayi woyembekezera

Ngati munatulukapo timatuza towawa kumaliseche, auzeni anamwino tsiku loyamba la sikelo, ngakhale tinapola kalekale. Kachilombo ka herpes, kamene kamayambitsa timatuzati, sikachoka m'thupi, kamangobisala.

Chodabwitsa n'chakuti mayi amene anakatenga kale ndiye ali pabwino, poti chitetezo chake chimadutsa mu nsengwa n'kufika kwa mwana. Woopsa ndi herpes wogwira koyamba m'miyezi itatu yomaliza: thupi limakhala lisanapange chitetezo chopatsira mwana, ndipo iye amatenga kachilomboko podutsa m'njira yobadwira. Choncho bambo akakhala ndi zilonda, kumaliseche kapena pamilomo, dikirani kugonana.

Dokotala angakulembereni mankhwala a acyclovir a 400 mg katatu patsiku kuyambira sabata ya 36 ya mimba mpaka kubereka. Nthawi yobereka ikakwana zilonda zilipo, nenani msanga, chifukwa pamenepo opareshoni ndiyo imateteza mwana.

M'chikuta, aliyense asambe m'manja ndi sopo asananyamule mwana. Wa chilonda pamlomo asamupsompsone, kaya ndi agogo ake. Yamwitsani ndithu, kupatula bere lomwe lili ndi chilonda.

M'masabata 6 oyamba yang'anirani timatuza pakhungu, m'maso kapena m'kamwa, kukana bere, kugona mofooka, kutentha kapena kuzizira thupi, ndi kukomoka. Ana ena satuluka matuza konse, musadikire kuwaona. Musapake mankhwala azitsamba. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, monga ku Matawale kapena ku Zomba Central ngati muli ku Zomba, poti mwana amafunika acyclovir wa mudiripi kwa masiku 14 mpaka 21. Kuchedwa kumawononga ubongo.