Salsa ndi bachata: kugawa nthawi ya kalasi ndi ya kubwalo

Ngati mwangoyamba salsa, gule wovina awiriawiri, musadikire kuti mudziwe zonse musanakavine ndi anthu. Gwirani kaye sitepe yoyambira: werengani mpaka 8, pondani katatu, mupume pa 4, pondaninso katatu, mupume pa 8. Bachata, gule wa ku Dominican Republic, ndi wosavutirapo: masitepe atatu cham'mbali, kenako gundani phazi pansi pa 4.

Ine ndimalangiza kalasi imodzi pa sabata ndi usiku umodzi wovina. Aphunzitsi amakonza mapazi anu, koma kumva dzanja la munthu amene simunavinepo naye mumakuphunzirira kubwalo. Abambo otsogolera, inu makamaka, lekani kuthamangira kuzungulitsa kovuta mpaka kumpotokola mnzanu mkono. Njira zitatu zosavuta, zogwirizana ndi ng'oma, zikukwanirani usiku wonse.

Sankhani sitayilo imodzi ya salsa kaye. Ya ku Los Angeles imatsindika pa 1, ya ku New York pa 2, ya ku Cuba amavina mozungulirana. Kusakaniza msanga kumangosokoneza mutu.

Za magulu a ziwonetsero ndi mipikisano, dikirani chaka chithe. Zimadya ndalama za zovala ndi nsapato, zimalandanso Loweruka lanu, moti ena akalowako saonekanso kubwalo.