Madzi a m'dziwe achita mbuu mutachotsa madontho a dzimbiri? Osathamangira klorini

Ambiri mwa ife amene timagwira ntchito m'mayadi a ku Borrowdale, Highlands ndi Mount Pleasant mu Harare tinakumanapo nazo izi. Dziwe losambiramo lachita madontho ofiirira pamasitepe ndi m'makoma chifukwa cha chitsulo cha m'madzi a borehole. Mwathira ascorbic acid, ufa wa vitamini C uja, madontho achoka mukuona. Mawa lake mukudzuka mupeza madzi ali mbuu ngati otsukira mpunga, pansi osaoneka, ndipo madamu akuti Loweruka kubwera alendo.

Apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Dzanja limathamangira chidebe cha HTH, klorini waufa uja, kuti tithire wambiri nthawi imodzi. Ine ndinatero ulendo wina, ndipo pofika madzulo madzi anali ngati tiyi, madontho onse atabwerera m'malo mwake. Chifukwa chake n'chakuti vitamini C sachotsa chitsulo m'dziwe. Amangochisungunula kuchoka pakhoma kulowa m'madzi. Klorini wambiri akabwera mwadzidzidzi, chitsulocho chimachitanso dzimbiri n'kukakamira pomwe chinachoka.

Choyamba, yang'anani mtundu wa madziwo, ndipo gwirani khoma ndi dzanja. Ngati ali oyera ngati mkaka koma khoma silikuterera, kawirikawiri ndi mankhwala ogwira chitsulo aja, amene pabotolo amalemba kuti metal remover, atakumana ndi kashiamu wa m'madzi, kapena pH, muyeso wa asidi m'madzi, yakwera. Ngati akubiriwira ndipo khoma likuterera, ndere zayamba, chifukwa dziwe lakhala masiku lopanda klorini. Kukatentha ngati mu Okutobala, maluwa a jacaranda akugweramo, ndere sizichedwa. Ngati madzi asanduka ofiirira mutangothira klorini, ndi chitsulo.

Kenako yezani. Mukufuna pH ikhale pa 7.2, isapitirire 7.4 masiku oyambawa. Vitamini C uja amaitsitsa, ndiye ikagwa pansi pa 7.0 ikwezeni, koma pang'onopang'ono. Soda ash, ufa wokwezera pH, wothira mulu umodzi amachititsa madzi mbuu payekha. Sungunulani kachigawo kochepa m'ndowa ya madzi, thirani mozungulira dziwe, dikirani maola 4 pampu ikuyenda, yezaninso. Alkalinity, mphamvu ya madzi yoletsa pH kusinthasintha, ikhale pakati pa 80 ndi 120 ppm (magawo pa miliyoni).

Ngati simunathire mankhwala ogwira chitsulo, thirani tsopano musanakhudze klorini, potsata muyeso wa pabotolo. Ndiwo amene amagwira chitsulo kuti chikhalebe chosungunuka.

Tsopano pampu. Valavu ya sefa ikhale pa Filter, ndipo pampu iyende usana ndi usiku kwa masiku 2 kapena 3. Ndikudziwa kuti mu Harare muno mawu amenewa ndi osavuta kunena. Magetsi akamathima, chotsani timer kuti pampu izidzuka nthawi iliyonse imene abwera, ngakhale pakati pa usiku. Ngati pakhomopo pali sola kapena jenereta, kambiranani ndi abwana kuti dziwe lipatsidweko maola ake sabata imeneyi. Yang'anirani geji ya pasefa: nsonga ikakwera ndi gawo limodzi mwa magawo 4 kuposa pomwe imakhala mchenga ukakhala woyera, zimitsani pampu, chitani Backwash, kutsuka mchenga wa m'sefa, mpaka madzi a m'kagalasi ayere, kenako Rinse kwa theka la mphindi. Osatembenuza valavu pampu ikulira.

Klorini ndiye amafuna mtima wodekha. Vitamini C wotsala m'madzi amadya klorini, choncho mukathira madzulo, m'mawa mupeza ziro. Musadabwe, ndipo musakwiye n'kuwirikiza muyeso. Thirani pang'ono, kongofikitsa 1 ppm, yezani pakapita maola angapo, onjezerani pang'ono pomwepo. Mungabwereze kangapo patsiku kwa masiku 2 kapena kuposa. Tsiku lina mudzaona kuti klorini wayamba kukhala, ndiye kuti vitamini C watha. Pamenepo mukwezeni mpaka 2 kapena 3 ppm. Mukathira muziima kaye n'kuyang'ana masitepe. Mukaona kachikasu kakubwerera, siyani klorini, onjezerani mankhwala ogwira chitsulo, onaninso pH. Ngati mungapeze klorini wamadzi, ndi wabwinopo pa ntchito iyi, chifukwa waufa uja amawonjezera kashiamu. Mukakhala ndi waufa yekha, musungunuleni kaye m'ndowa. Shock, kutanthauza kuthira klorini wambiri nthawi imodzi, ayi, kwa masabata 2.

Nanga ndere zikamakula klorini ali wochepa chonchi? Gulani mankhwala a ndere opanda kopa, monga a mtundu wa polyquat. Werengani botolo bwino, pakuti ambiri otchipa ali ndi kopa, ndipo kopa nayenso ndi chitsulo chimene chimadetsa makoma. Tsukani makoma ndi burashi tsiku lililonse.

Masiku 3 akatha madzi akadali mbuu, thirani clarifier. Amasonkhanitsa tinthu tating'onoting'ono kuti mchenga uzitha kutigwira. Tsatani muyeso, chifukwa wochuluka amaipitsanso madzi.

Njira yomaliza, imene ndimaisungira pamene alendo ali pafupi, ndi flocculant, mankhwala omiza zinyalala pansi. Dzazani dziwe mpaka pamwamba, tulutsani Kreepy Krauly, makina oyenda okha otsuka dziwe aja, ikani valavu pa Recirculate, thirani mankhwalawo, pampu iyende maola 2, kenako zimitsani usiku wonse. Apa kuthima kwa magetsi kumakuthandizani. M'mawa mupeza nsenga zoyera zagona pansi ngati ufa, madzi a pamwamba ali mbee. Ikani valavu pa Waste, osati Filter, n'kuyamba kukoka ndi vacuum yamanja. Yendetsani ngati mukunyamula mwana wogona. Mukafulumira nsenga zimadzuka, ndipo mudikiranso tsiku lina. Njirayi imataya madzi ambiri, koma madzi otayikawo amapita ndi chitsulo china.

Vuto limabwera podzazanso. Madzi a borehole amene anabweretsa madontho aja ndi omwewo mukubwezeramo. Tungani m'ndowa yoyera, thiranimo klorini pang'ono, siyani maola angapo. Akasanduka achikasu kapena ofiirira, muli chitsulo. Zikatero, nthawi iliyonse mukawonjezera madzi muzithiranso mankhwala ogwira chitsulo, chifukwa amatha mphamvu pakapita masabata. Ngati mumagula madzi a bowser, galimoto ya thanki ija, yesaninso omwewo musanawalole kulowa, pakuti ambiri amachokeranso pansi.

Asidi ndi klorini musawasakanize m'ndowa imodzi, ndipo musawasunge moyandikana m'kanyumba ka pampu, chifukwa mpweya wake ndi woopsa m'chifuwa. Ana asalowe mpaka mutaima m'mbali n'kuona bwinobwino pansi pa mbali yakuya ija, klorini atakhazikika pa 1 mpaka 3 ppm.