Mukafuna deta ya achinyamata kuchokera mu DHS

Ngati mukulemba za atsikana a zaka 15 mpaka 19, musathamangire kukachita kafukufuku wanuwanu. Deta ya Malawi Demographic and Health Survey (DHS, kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo) ya 2015-16 imapezeka kwaulere pa webusaiti ya DHS Program mukalembetsa ndi kufotokoza mwachidule cholinga cha ntchito yanu.

Tsitsani fayilo ya IR, ndiyo ya amayi. Sankhani omwe v013 yawo (gawo la mu fayilo losonyeza gulu la zaka) ndi 1, amenewo ndiwo a zaka 15-19. Ana a zaka 10-14 mulibemo, chifukwa kafukufukuyu amafunsa okhawo a zaka zoyambira 15. Iwowa muwafune mu fayilo ya PR, ya anthu onse a pakhomo, ngakhale mafunso ake ndi ochepa.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa: amawerengera osaika weight, nambala yosonyeza kuchuluka kwa anthu omwe wofunsidwa aliyense akuimira. Kuti mupeze weight, gawani v005 ndi 1,000,000, kenako mu Stata (pulogalamu yowerengera deta) muike svyset, lamulo louza Stata momwe ofunsidwa anasankhidwira, pogwiritsa ntchito weight imeneyo, v021 (madera omwe anasankhidwa) ndi v022 (magulu a maderawo). Mukapanda kutero, maboma ang'onoang'ono ngati Likoma amaoneka ngati ali ndi anthu ochuluka, ndipo maperesenti anu sangafanane ndi a mu lipoti la National Statistical Office (NSO), ofesi ya boma yoona za ziwerengero.

Achinyamata akakhala osakwana 25 pagulu limodzi, musalembe peresenti yawo.