Akuti poloti ndi masikweya mita 540, nanga mbali inayo ndi mamita angati?

Mwezi watha alamu anga anandiimbira foni kuti ndiwaperekeze kukaona poloti cha kuseri kwa Area 49 uko. Wogulitsa anangolemba pa WhatsApp kuti malowo ndi masikweya mita 540 basi, osanena kuti mulitali ndi chakuti, mulifupi ndi chakuti. Titafika tinapeza mabikoni, zizindikiro za malire zija, awiri okha akumsewu, kumbuyo kunali udzu okhaokha ndipo mkuluyo amangoloza ndi dzanja kuti amathera cha pamango apo. Alamu anali atatenga kale dipoziti mthumba, mtima uli m'mwamba. Ndinati alamu dikirani kaye, tepi ndabwera nayo, tiyeze. Masamu ake ndi omwe aja ana a Sitandade 8 amakonzekera nawo mayeso a MANEB, koma zimandipweteka kuona akuluakulu ambiri akutaya ndalama za thukuta lawo chifukwa chowaiwala.

Tiyambire pa thireyi ya mazira poti aliyense amaidziwa. Mumakhala mazira 30, mzere umodzi mazira 6, mizere yake 5, ndiye 6 kuchulukitsa ndi 5 ndi 30 uja. Tsopano wina atakuphimbirani thireyi ija nkungokuonetsani mzere wakutsogolo wa mazira 6, nkukuuzani kuti onse alipo 30, mungadziwe bwanji kuti mizere ilipo ingati? Mugawa 30 ndi 6, mupeza 5. Nkhani yonse ndi imeneyi. Rekitango, kaya ndi poloti, chipinda, chitseko kapena munda, kukula kwake timakupeza pochulukitsa mulitali ndi mulifupi. Ndiye mukakhala ndi kukula konse komanso mbali imodzi, mumangobwerera njira yomwe munadzera, kutenga kukula kuja nkugawa ndi mbali yomwe mukuidziwa, chotsatiracho ndiye mbali yosowayo. Sikweya mita imodzi muziiona ngati dzira limodzi mu thireyi, kabokosi ka mita imodzi uku mita imodzi uku.

Ku poloti kuja tinakoka tepi kuchoka pa bikoni ina kufika pa inzake, anakwana mamita 18. Pa kakyuleta ya pafoni ndinalemba 540 ÷ 18, inabweretsa 30. Kutanthauza kuti ngati wogulitsa akunena zoona, kuchoka kumsewu kulowa mkati payenera kukhala mamita 30. Ndipo musamachokepo musanatsimikize, chulukitsaninso 18 × 30, ikabwerera pa 540 ndiye kuti mwakhoza. Ine mwana wanga ndimamuuza zomwezi pa homuweki, kuti yankho asalisiye asanalibweze, sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Pamene ambiri amaphonya ndi pochotsera m'malo mogawa. Mwana amaona 540 ndi 18 nkulemba 522, ndipo akuluakulu ena amatenga 540 uja ngati kutalika kwa mpanda wozungulira poloti nkuyamba kugawa ndi 2 kapena ndi 4. Ayi, izo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Masikweya mita akunena za nthaka yonse yomwe ili mkati, pomwe mpanda ukuyenda m'mphepete mokha. Poloti ya 18 by 30 mpanda wake ndi 18 + 30 + 18 + 30, amene ndi mamita 96, ndipo mwaona kuti simukanatha kuwerengera njerwa za mpandawo musanapeze kaye 30 uja. Yankho lanu mulembenso kuti mamita, osati masikweya mita, chifukwa mwapeza kutalika kwa mbali imodzi, chinthu choti mutha kuyenda ndi tepi.

Chinanso chomwe ndikufuna chikulowereni bwino ndi chakuti nambala ya masikweya mita payokha siikuuzani maonekedwe a malo. Mukamva 600 mutu umathamangira ku 20 by 30 poti ndi yomwe tinazolowera kuiona pa Facebook, koma 600 yomweyo itha kukhala 15 by 40, itha kukhala 24 by 25, ngakhalenso 10 by 60. Ya 10 by 60 imeneyo ndi kankhwalala, mukasiya mpata mbali zonse kuti madzi a padenga asamagwere kwa aneba komanso galimoto izidutsa, nyumba ya zipinda zitatu muimanga movutikira kwambiri. Choncho munthu akakuuzani masikweya mita okha, mufunseni mbali yakumsewu kuti ndi mamita angati, akapanda kudziwa mukayeze nokha, zotsalazo ndi zogawa basi.

Samalaninso ndi kusakaniza mamita ndi masentimita, apa ndiye ngakhale amisiri ena amapunthwa. Tinene kuti muli ndi kapeti ya masikweya mita 2.4 ndipo mulifupi mwake ndi masentimita 80. Mukathamangira kugawa 2.4 ndi 80 mupeza 0.03, nambala yopanda mutu. Sandutsani kaye 80 uja akhale mamita, mita imodzi ndi masentimita 100 ndiye ndi 0.8, kenako 2.4 ÷ 0.8 ikupatsani mamita 3. Ndipo sikweya mita imodzi si masikweya sentimita 100 ayi, ndi 100 × 100, amene ndi 10,000, nchifukwa chake ine ndimakonda kusintha mbaliyo osati kukula konse, mpata wophonya umachepa. Zachipinda ndiye zosavuta, bilida akanena kuti chipinda ndi masikweya mita 14 ndipo khoma lina ndi mamita 3.5, linalo ndi 4, mudziwiretu ngati bedi ndi wodiropu zikwane.

Kwa omwe muli ndi minda ku Mitundu, ku Nathenje kapena ku Malingunde, masamu ndi omwewa kungoti manambala amakula. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, ndiye ngati mbali ina ndi mamita 80, inayo iyenera kukhala 125. Ekala imodzi ndi pafupifupi masikweya mita 4,047, mukakhala ndi mbali ya mamita 50 inayo ifike pafupifupi 81. Ndikunena izi chifukwa pobwereka munda anthu amangoti iyi ndi ekala, inu nkugula mbewu ndi feteleza wa ekala yathunthu pomwe malowo sakukwana. Malo akakhala kuti mbali zonse zinayi ndi zofanana simufunikanso kupatsidwa mbali, mumangofuna nambala yomwe ikadzichulukitsa yokha ibweretsa kukula kuja, monga 400 ndi 20 × 20.

Koma njira yonseyi imagwira pokhapokha malowo ali rekitango yeniyeni, makona onse anayi owongoka ngati a chitseko. Mapoloti ena a m'malo ogawidwa ndi mafumu kuno ku Lilongwe amakhala otambalala kutsogolo nkumaning'a kumbuyo, ndiye mukagawa ndi mbali yakumsewu yokha yankho likunamizani. Kuti muone ngati kona ili bwino chitani zomwe amisiri amachita poyala fandeshoni, kuchoka pa bikoni yezani mamita 3 kutsata mbali ina, mamita 4 kutsata mbali inayo, khomani tizikhomo, pakati pa tizikhomo tiwirito payenera kukhala mamita 5 ndendende. Njira ina ndi kukoka chingwe mopingasa kuchoka pa kona ina kufika pa kona yoyang'anizana nayo, kenako makona awiri otsalawo, zingwe ziwirizo zifanane, komanso mbali zoyang'anizana za poloti zikhale zofanana. Pa 18 by 30 chilichonse chimakhala pafupifupi mamita 35. Zikasiyana kwambiri siyani kakyuleta, itanani saveya adzayeze bwinobwino musanapereke ndalama ina iliyonse.

Ifeyo tinakoka tepi kuchoka kumsewu kulunjika pamango paja, inathera pa mamita 24. Ndiye 18 × 24 ndi 432, masikweya mita 108 kulibe, ndipo titawonjezera mamita 6 otsalawo kuti akwane 30 tinakapezeka taima pa mulu wa mchenga wa munthu wina amene anali atayamba kale kukumba fandeshoni. Alamu anabweza dipoziti yawo mthumba, ndipo agwirizana ndi wogulitsayo kuti akumanenso Loweruka pamodzi ndi saveya komanso mwini mchenga uja.